Kabwana Ndi Mwana wa Yani?

3 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa achemwali ndi kwa ana onse pakhomopo. Kaya maso aja akukuvutitsanibe? Ine kuno ndili moyo, kungoti ndi moyo wongoti kwacha kwada.

Ndikudziwa kuti kalatayi muyilandira ndi mkwiyo, poti papita zaka ndili zii. Kalipani ndithu, koma muyambe mwamva zimene zandigwera.

Kunoko ndinakwatira. Sindinakulembereni chifukwa ndinkati munthu wabwino ngati ameneyu sanenedwa papepala, ndidzabwera naye mudzamuone nokha. Tinadziwana kuntchito, kukampani yochapa ndi kusita nsalu za m'mahotela. Iye ankapinda nsalu, ine ndili pa makina ositira. Phokoso la mmenemo ndi loti ngakhale utatsokomola sudzimva, ndiye chibwenzi chathu chonse chinayenda ndi manja ndi nsidze basi. Mwezi wathawu, Bambo, tamuyika m'manda. Sanadwale nthawi yaitali. Pamaliro panali anzathu a kuntchito ndi mayi eni nyumba imene ndikukhala. Wachibale woti andigwire paphewa panalibe ndi mmodzi yemwe.

Ndatsala ndi mwana. Timangomutchula kuti Kabwana, chifukwa m'chipinda chathu chino wolamula ndi iyeyo. Amandiuza poyika nsapato, ndipo ndikapsereza chakudya amandiyang'ana ngati kapitawo wa kuntchito. Ndikamapita kokagwira ntchito ndimamusiya kwa mayi eni nyumba, koma nawonso ndi okalamba, miyendo inawathera. Ndikaweruka ndimamupeza atakhala pa sitepe, atakumbatira juzi ya amayi ake. Salira ayi. Bola akanamalira, ndikanadziwa chochita.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo si la ndalama. Ndikufuna ndibwerere kwathu ndi mwana wangayu, tidzakhale nanu. Kachipinda kakumbuyo kaja, kamene munkasungiramo mawotchi a anthu osabwera kudzatenga, kangatikwane awirife. Ntchito ndidzafuna konko. Kuno kwandikulira, Bambo, ndasungulumwa.

Mundiyankhe msanga.

Ine mwana wanu.


21 Febuluwale

Mwana wanga,

Akulemba ndi mlongo wako, ine ndikungoyankhula, poti maso anga tsopano amangosiyanitsa usana ndi mdima. Kupatula zimenezo tonse tili bwino, Mulungu akutisunga.

Pepa ndi imfa ya mpongozi wanga amene sindinamugwire chanza. Ndalira nawe. Koma pamene mlongo wako anafika pa mawu akuti "ndatsala ndi mwana," ndinamuuza kuti abwereze, ndipo atabwereza ndinati abwerezenso.

Pali nkhani imene uyenera kuyimva tsopano poti wakhala bambo. Agogo ako, osoka maambulera aja, anabala ana aamuna angapo, koma amene anakula ndine ndekha. Ine ndi malemu amayi ako tinakhala zaka zambiri tili ndi mlongo wako yekha. Tsiku lina ndinatseka shopu masana, ndinagwada pakati pa mawotchi a eni ake, ndi kumuuza Mulungu kuti, Inu amene munalonjeza Abrahamu mbewu ali nkhalamba, musalole dzina la bambo anga lithere pa ine. Chaka chotsatira unabadwa iwe. Kuyambira pamenepo ndimadziwa kuti pali pangano pakati pa Iye ndi nyumba ino. Malemba sataya nthawi pachabe akamandandalika kuti uje anabala uje, uje anabala uje. Lonjezo limayenda m'chiuno mwa bambo kupita kwa mwana, ndipo mzere ukaduka, laduka.

Utangokhala chete zaka zonsezi, ndinayamba kudzifunsa ngati ndinamva bwino tsiku lija. Lero ndadziwa kuti Mulungu sanama.

Lamulungu lapitali ndinaimirira mumpingo, ndodo ili m'manja, ndi kulengeza kuti ndili ndi mdzukulu wamwamuna wodzanyamula dzina. Anthu anaimba, azimayi ena mpaka misozi. Bwera naye msanga. Ndikufuna ndiyike dzanja langa pamutu pake ndisanatsikire kumanda, monga Yakobo anachitira ndi ana a Yosefe, naye maso atachita mdima ngati angawa.

Undiuze, kodi ali ndi mphumi yathu yotakata ija?

Ine bambo ako.

Mzime wathu, tsopano ndine mlongo wako, Bambo sakudziwa kuti ndikuwonjezera izi. Iwe ndiwe munthu wotani, kukwatira mpaka kufedwa osatiuza? Ukafika ndidzayamba ndakukoka khutu, kukukumbatira pambuyo. Pepa kwambiri, mlongo wanga.

Bambotu asanduka mnyamata. Andisesetsa kachipinda kaja, mawotchi onse ndalongedza m'makatoni. Ana anga atatu, amene amawatsogolera kulikonse ndi kuwawerengera malemba, akuti amenewo ndi a dzina la kwa eni. Ine ndinazolowera, sizindiwawanso kwenikweni. Koma ndinawauza kuti, Bambo, kalatayi sinanene kuti mwanayo ndi wamwamuna. Anandiyankha kuti, iwe, unamvapo mtsikana akutchedwa Kabwana? Ndiye tandiuza zoona, kamwanako ndi kotani, kali ndi zaka zingati?


8 Malichi

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndinayiwerenga nditaimirira pakhomo, nsapato ndisanavule. Nditafika poti Bambo analengeza mumpingo, ndinangokhala pansi pomwepo. Kabwana anandifunsa kuti, adadi, mwadwala? Ndinati ayi, ndatopa chabe.

Munaganiza bwino. Kabwana ndi mtsikana, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndipo pali chinanso. Sindinamubereke ndine. Amayi ake ndinawapeza ali naye kale, akuyamba kumene kuyenda chogwira mipando. Bambo ake omubereka ndi dalaivala wa magalimoto akuluakulu, anasiyana ndi amayi ake mwanayu ali kumsana, ndipo sitinawaonepo.

Musaganize kuti ndinafuna kuwapusitsa Bambo. Ndinalemba kuti "mwana wanga" chifukwa ndi mmene ndimamutchulira kuchipatala, kusukulu, paliponse. Mawu ena oti ndimutchulire ndilibe. Sindinaganize n'komwe kuti mawu awiri amenewa angabereke mdzukulu wamwamuna wa mphumi yotakata. Mphumi yake ndi yaing'ono, ya amayi ake.

Amene anamuphunzitsa kugwira supuni ndine. Atadwala chikuku, ndine ndinkamunyamula kupita naye kuchipatala. Yunifolomu yake ndimapita nayo kuntchito m'kachikwama, kapitawo akangotembenuka ndimayilowetsa pa makina, moti pasukulu yonse palibe mwana wa kolala yowongoka ngati iyeyo. Amayi ake ali m'chipatala sanandipemphe kuti ndilonjeze chilichonse. Anangondiuza kuti nsapato za mwana zamuthina, ndimugulire zina. Ankadziwa kuti palibe chofunika kulonjeza.

Ndiye chonde, achemwali, muwauze Bambo mwanzeru. Musawawerengere zonse nthawi imodzi. Muyambe ndi zoti ndi mtsikana, zinazo mawa lake. Inu mumawadziwa nthawi imene amakhala okoma mtima. Pempho langa silinasinthe, ndikufuna kubwera naye. Kunoku Loweruka ndi Lamulungu timangokhala awiriwiri, iye akujambula pansi, ine ndikuyang'ana khoma. Mwana safunika kukula choncho. Akufunika abale oti azikangana nawo, ndi azakhali oti azimukalipira.

Ine mlongo wanu.


27 Malichi

Mzime wathu,

Moni. Ife tilipo, koma nyumba ino yazizira.

Unati ndiwauze mwanzeru. Iwe wayiwala kuti Bambo anakhala moyo wawo wonse khutu lili pa mawotchi? Ndinayesa kudumpha ndime, anangoti, pamenepo wadumpha, bwerera. Ndinati ayi Bambo, ndi inki yafufutika. Anati, inki ikafufutika mawu ako sanjenjemera. Basi ndinawerenga zonse, kuyambira moni mpaka pansi.

Sanakalipe. Anangofunsa kuti, ndiye kuti si wake? Ndinati ndi wake, Bambo, kungoti sanamubereke. Anati, usandizunguze mutu, mayi iwe. Analowa kuchipinda, ndipo tsiku limenelo chakudya chinabwerera momwe chinapitira. Kutchalitchi asiya kupita. Akuti akawauza chiyani anthu amene anawaimbitsa nyimbo? Anzawo akabwera kudzafunsa kuti mdzukulu afika liti, ndimanama kuti agona.

Dzulo anandiitana kuti nditenge cholembera. Ndikulemba momwe ananenera, usandide ine.

"Mwana wanga, m'mahema a Abrahamu munkadya ana ambiri, ndipo onse ankakhuta. Koma pangano silinapite mwa aliyense amene anadya, linapita mwa Isake, wotuluka m'thupi mwake. Sindikudana naye mwanayo, Mulungu amusunge. Koma ali ndi bambo ake, ali ndi mzere wake, ndipo kumuchotsa mumzere wa eni ake ndi kuba. Uwafunefune abale ake, uwabwezere mwana wawo mwaulemu. Iwe ubwere wekha. Ukadali mnyamata, udzakwatiranso, ndipo Mulungu amene anandimva ine adzakumvanso iwe. Ukabwera naye kuno, mtima wako udzakhuta ndi mwana wa mwini, sudzafunanso wako, ndipo dzina lidzathera pa iwe. Ine ndatha."

Ndi zimenezo. Ndinawafunsa kuti, nanga ine, Bambo, ndili mumzere uti? Anati iwe ndiwe mwana wanga, koma mzere ndi nkhani ina. Ndinaseka kuti ndisalire.

Kunena zoona, ine kamtsikanako ndikukafuna. Ana anga onse ndi anyamata, nyumba yonse imangonunkha masokosi. Nyumbayi ikanakhala yanga ndikanati kwerani basi mawa. Koma ukudziwa kuti kuchokera pamene ukwati wanga unatha, nanenso ndine wosungidwa pano. Taleza mtima pang'ono, ndiziwanyengerera pang'onopang'ono. Usakhalenso chete ngati kale, wamva?

Mlongo wako.


30 Epulo

Achemwali,

Moni kwa inu ndi anyamata. Bambo muwapatse moni ngati angalandire.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinalemba makalata angapo n'kung'amba. Onse anali amwano.

Abale ake a Kabwana sindinawafunefune ayi, koma abwera okha. Dalaivala uja anamva za maliro kwa munthu wina wa kuntchito kwathu, ndipo Lamulungu lapitali anafika pakhomo ndi akazi ake. Ndinkayembekezera chidakwa choti ndichithamangitse ndi tsache. Ayi ndithu, ndi bambo wofatsa, wa imvi za m'mbali, anavula chipewa polowa. Anapepesa maliro. Akazi ake anabweretsa kadiresi. Kabwana anabisala kumbuyo kwanga, atagwira lamba wanga zolimba.

Anayang'ana chipinda chathu, bedi limodzi, matiresi a mwana pansi, mbaula pakona, chingwe cha zovala chodutsa pakati. Sananyoze. Dalaivalayo anangoti, achimwene, mwagwira ntchito yaikulu, ine ndilibe pakamwa. Mukanakhala ndi pakhomo pooneka, pali azimayi ndi ana anzake, ine sindikanamusokoneza mwanayu, ndikanangopempha kuti ndizimuona. Koma mwamuna yekha, chipinda chimodzi, ntchito yoweruka madzulo, mwana wamkazi akukula, mukuona bwanji inuyo?

Ndinawauza kuti pakhomo ndili napo. Ndinati kwathu kuli bambo anga, kuli achemwali anga ndi ana atatu, ndipo kachipinda anakonza kale. Anati ngati zili choncho, ndi bwino, iwo satsutsa. Tagwirizana kuti sukulu ikatseka, ngati kwathu andivomera ndipita naye, ngati ayi adzamutenga.

Ndiye ndagwira mwendo, achemwali. Kawafunseninso Bambo komaliza. Muwauze kuti sindikupempha kuti amupatse dzina, ngakhale dzanja lawo asamuyike, alisunge. Ndikungopempha chitseko. Muwauze kuti ndidzakwatira aliyense amene angandilozere. Mukangolemba mawu amodzi oti "bwerani," tinyamuka.

Masiku ano ndikamasita ndimangoganiza, mpaka dzana ndinapsereza nsalu ya patebulo ya eni ake. Kapitawo anakalipa, koma ndi phokoso lija ndinangoona pakamwa pakuyenda.

Ndikudikira.

Mlongo wanu.


2 Juni

Mwana wanga,

Ndine bambo ako, akulemba ndi mlongo wako. Ndinali m'chipatala ndi chibayo pafupifupi mwezi wathunthu, ndatuluka dzana. Ndinafika pakhomo pa imfa, koma anandibweza, ndipo ndikuganiza kuti anandibwezera nkhani ino.

Ndili gone m'chipatalamo ndinafuna kunena pamtima mndandanda wa makolo a Ambuye wathu, uja woyambira pa Abrahamu. Ukudziwa kuti ndinkaunena wonse mumpingo osayang'ana pabuku, anthu n'kumadabwa. Koma ndi malungo aja mayina anandibalalika. Ndinauza mlongo wako kuti andiwerengere. Iye amawerenga pang'onopang'ono ngati akusankha miyala mumpunga, mayina ena akupotoza. Ine ndinangotseka maso n'kumatsatira mawu amodzi aja, anabala, anabala, anabala. Atafika kumapeto, pa Yosefe mmisiri wa matabwa, mawu aja sindinawamve. Ndinati wadumpha, bwerera. Anati sindinadumphe, Bambo. Ndinati bwerera! Anabwereza, n'kundiuza kuti, pamenepa mawu amenewo palibe.

Inde palibe. Ngakhale ana aang'ono a mumpingo amadziwa kuti Yosefe sanamubereke Mwanayo. Inenso ndinkadziwa, ndinaphunzitsapo anthu. Koma pakamwa panga pankathamanga, ndikafika pamenepo ndinkakhala ndikuganiza kale zokhala pansi. Sindinaimepo n'kufunsa kuti, nanga mayina onsewa, mafumu onsewa, akutsikira kwa yani? Akutsikira kwa munthu wolera mwana amene sanamubereke. Mzere wonse wa pangano unadzafika m'manja mwa bambo wotero, ndipo Mulungu sanachite nazo manyazi, analembetsa. Mwanayo anatchedwa wa nyumba ya Davide chifukwa mmisiri uja anamutenga, namutcha dzina, nathawa naye pamene ankafuna kumupha.

Ndinagona chagada tsiku lonse, anamwino mpaka anaganiza kuti ndakomoka. Ine ndinapempha Mulungu kuti dzina la bambo anga lisafe. Sindinamuuze njira yake, ndipo sanandifunse nzeru.

Dzulo mlongo wako wandiwerengera kalata yako ya Epulo. Bwera naye. Wamva? Bwerani nonse awiri. Usanene za chitseko chokha, dzanja langa ndi lake. Lamulungu ndikupita kutchalitchi kukawauza kuti ndinalakwitsa pang'ono, mdzukulu uja ndi wamkazi, ndipo aimbenso.

Ine bambo ako.

Mzime, ndine. Kalata yako inafika Bambo ali pa makina a mpweya, adokotala atanena kuti tisawauze chilichonse chowadzidzimutsa. Ndinayisunga m'chikwama. Andikalipira kwambiri, koma ndawauza kuti nthawi ilipo, sukulu sizitseka mpaka mwezi wamawa. Ndachapa makatani a kachipinda kaja. Undiuze tsiku, anyamata adzakuchingamireni kudepoti.


3 Juni

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino.

Ndadikira mwezi wonse wa Meyi. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkayamba kwa mayi eni nyumba kufunsa ngati kwabwera kalata, mpaka anayamba kumangopukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Kukhala chete kwanuko ndamva tanthauzo lake. Bambo akati atha amakhala atathadi, ndipo inu simunafune kundilembera mawu owawa kachiwiri. Sindikukwiyirani.

Sukulu kuno inatseka Lachisanu. Loweruka dalaivala uja anabwera kudzamutenga Kabwana.

Ndinamuuza kuti akupita kutchuthi kunyumba yaikulu, kumene kuli mpanda ndi galu. Anandifunsa kuti, nanga inu? Ndinati ndili ndi ntchito. Anati, ndiye azikuuzani ndani poyika nsapato? Zovala zake zonse ndinasita, ndinapinda mmene amayi ake ankapindira, makona anayi ofanana. Juzi ija ndinayika pamwamba. Polowa m'galimoto sanalire. Anangondiyang'ana pawindo mpaka anakhota.

Dalaivala uja pondigwira chanza anati, musadandaule achimwene, magazi amabwerera kwawo. Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinati mumtima, mukanadziwana ndi bambo anga mukanagwirizana kwambiri.

Matiresi ake ndawaimika kukhoma. Chipinda chija ndinkati n'chaching'ono, pano chakula, ndikayika kapu patebulo imamveka. Ndimaphikabe chakudya cha anthu awiri, dzanja silinazolowere. Kuntchito ndapempha kuti azindipatsa maola owonjezera, poti kumeneko phokoso limandithandiza.

Muwauze Bambo kuti ndachita zimene ananena. Mwana wabwerera mumzere wake. Za kubwera ndekhazo mundipatse kaye nthawi.

Mlongo wanu.


20 Juni

Mlongo wanga,

Mayo ine! Makalata athu aphonyana panjira. Pamene ukuwerenga ino, ya Bambo ija uyenera kuti unalandira kale, ndipo sindikudziwa kuti unayiwerenga bwanji wekhawekha m'chipindamo. Ine ndinkayesa kuti sukulu zimatseka nthawi imodzi kulikonse. Ndikanangokulembera mizere iwiri ndili pabenchi yachipatala kuti dikira, Bambo akudwala! Ndinkati ndikuyankhe ndili ndi nkhani yabwino m'manja. Undikhululukire, mlongo wanga.

Kalata yako inafika Lolemba, Bambo atakalengeza kale kutchalitchi kachiwiri. Ndinakhala nayo masiku awiri m'thumba la epuloni. Koma munthu uja anamva pepala likukhwekhwereza ndikamawerama, anati, chimene chili m'thumbacho ndi changa, werenga.

Ndinawerenga mpaka kumapeto. Kenako anati, ndiye kuti anandimvera. Ana ena samvera makolo awo, wangayu wandimvera. Analira, mzime. Ine chibadwire sindinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a Amayi anangokukuta mano.

Mawu awo ndi awa. Akuti upite kwa dalaivalayo ukamuwerengere kalata yawo ija, ukamuuze kuti pakhomo palipo, mwina angabweze mtima. Akakana, akuti upemphe kuti umuone mwanayo pang'ono chabe, uyike dzanja lako pamutu pake m'malo mwa lawo. Akuti dzanja lako linatuluka mwa iwo, ndiye ndi lomwelo. Unene kuti, Mulungu wa Abrahamu, Mulungu wa wosoka maambulera, wa wokonza mawotchi ndi wa wosita nsalu, akhale Mulungu wako, ndipo uwerengedwe m'nyumba yathu. Andibwerezetsa kuti ndisalakwitse.

Ukatero, akuti ubwere kunyumba, ndi mwana kapena wopanda mwana. Za kukwatira sakunenanso. Akungofuna akumve ukuyenda m'nyumba muno. Masiku ano amakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, galimoto ikaima panja amatukula mutu. Thupi lawo silinabwerere chitulukire m'chipatala, ndikuuziretu. Inenso ndatopa kukhala ndekha ndi zonsezi. Bwera.

Mlongo wako.


9 Julayi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, kwa achemwali ndi kwa anyamata. Makalata onse awiri ndinalandira. Yanu ija ndayiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Zikomo, Bambo. Musadzizunze, ndipo achemwali musawakalipirenso.

Lamulungu ndinapita. Ndi kutsidya lina la mzinda, mabasi awiri. Nyumba yake ndi yabwino ndithu, ya mpanda, maluwa pakhomo, galu uja aliponso. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando pakhonde ndi tiyi.

Kalata yanu ndinawawerengera. Dalaivala uja anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo. Anati, bambo anuwo ndi munthu wa Mulungu, ndipo kalatayi ikanafika nthawi yake ine sindikanabweza mawu anga. Koma pano mwana tamulembetsa sukulu ya kuno, wayamba kudya bwino, wayamba kuseka ndi azibale ake. Timuzulenso kachiwiri m'miyezi iwiri? Mwana si katundu, achimwene. Ndinafuna kutsutsa, Bambo, koma ndinasowa ponena kuti akunama.

Kenako anamuitana. Anatuluka atavala diresi yachilendo, tsitsi ataluka bwinobwino mizere yowongoka, osati zokhotakhota zimene ndinkamuluka ine. Anaima patali pang'ono, anayang'ana mayi a m'nyumbamo, kenako anandipatsa dzanja n'kunena kuti, muli bwanji, amalume?

Mayi aja anafulumira kufotokoza kuti anamuphunzitsa choncho kuti asamasokonezeke, poti m'nyumba simungakhale abambo awiri. Ndinati ndi zoona, mwachita bwino. Tiyi uja sindinamumalize.

Ndinapempha kuti ndimudalitse m'malo mwa agogo ake, ndipo anavomera, anachita kuimirira ndi kuweramitsa mitu. Ndinayika dzanja pamutu pake. Ndinanena mawu onse monga munandiuzira, Abrahamu, wosoka maambulera, wokonza mawotchi, wosita nsalu, sindinadumphe ngakhale amodzi. Ndinamaliza ndi mawu akuti uwerengedwe m'nyumba yathu. Iye anangoima phee, sindikudziwa ngati anamvapo kanthu.

Anamulola kuti andiperekeze mpaka pageti. Tili pamenepo anasuzumira kumbuyo kuona ngati akutimva, kenako anandikoka malaya kuti ndiwerame. Anandinong'oneza kuti, adadi, mwaphonya batani, mukuyenda choncho mumsewu? Anandimasula mabatani onse n'kuyamba kumanga bwinobwino kuchokera pansi, akudandaula kuti ndaonda. Atamaliza anathamangira m'nyumba osatembenuka.

Andilola kuti ndizibwera kudzamuona Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse. Kuchokera kwanuko ndi ulendo wa masiku, ndipo ndikadumpha miyezi ingapo adzazolowera kuti ndine amalume.

Ndikudziwa kuti mwakhala pafupi ndi chitseko, Bambo, ndipo ndikudziwa kuti thupi lanu silili bwino. Ndikapeza tchuthi ndidzabwera kudzakuonani masiku ochepa, Mulungu akatisunga tonse. Koma zodzakhala nanu zija sizithekanso. Achemwali abwezeremo mawotchi aja m'kachipindamo. Inuyo mundimvetsa kuposa aliyense. Mwana wanga ali kuno.

Ine mwana wanu.